Kanyale Kofiira ka Swichi ya Fani

Ku galaja kwathu amanditchula kuti Dokotala wa Mawaya, ndipo dzinali ndinkalikonda kuposa limene anandipatsa makolo. Galimoto ikabwera magetsi akuphethira okha, anzanga ankangoloza kwa ine ndi mlomo. Zaka makumi awiri ndili pa ntchitoyi zinandipatsa luso, koma zinandipatsanso matama, ndipo amene anapsa nawo matamawo ndi chemwali wanga.

Chemwaliyu ndi mwamuna wake amatenga anapiye a tsiku limodzi kwa oswetsa n'kumakawapereka kwa alimi akutali. Ali ndi kavani kotsekeka kumbuyo, kopanda mazenera, ndiye alamu anaikitsa fani padenga kuti anapiye azipuma. Vuto linali loti munthu ukakhala pachiwongolero faniyo suiona, ndipo injini ikalira suimvanso. Tsiku lina alamu anabwera ndi swichi yatsopano yokhala ndi kanyale kofiira mkati, kuti kakayaka azidziwa kuti kumbuyo fani ikuzungulira.

Swichi yotereyi ili ndi timiyendo titatu kumsana kwake. Kamodzi kamalandira moto wochokera ku batire, kachiwiri kamapereka motowo ku fani, kachitatu n'ka ethi, waya wogunda chitsulo cha galimoto, kuti kanyale kaziyaka. Ukasinthanitsa mawaya a tiwiri toyambato, fani imagwirabe ntchito bwinobwino, koma kanyale kamangoyaka nthawi yonse imene kiyi watembenuzidwa, kaya swichi ndi yoyatsa kaya ndi yozimitsa. Zimenezi ndimazidziwa ngati m'thumba mwanga, ndipo ndakhala ndikuseka amisiri anzanga akalakwitsa chonchi.

Tsikulo manja ankalumikiza, pakamwa pali pa nkhani ya basi ina imene inakanika amisiri anayi ine n'kuikonza tiyi asanazizire. Moto ndinautenga pa waya wodzera ku kiyi, ndinaika fyuzi, tepi ndinakulunga mwaudongo kuti alamu aone. Kuyesa kwake ndinangotembenuza kiyi swichi ili yoyatsa kale. Kanyale kanayaka, fani inazungulira. Nditazimitsa kiyi zonse zinathima. Kudina swichi payokha kuti ndione ngati kanyale kathima, sindinadine. Alamu atafunsa ngati ndayesa mokwanira, ndinawafunsa ngati ayamba kuphunzitsa udokotala, ndipo tonse tinaseka.

Patapita masiku atatu anabweranso chakumasana, chemwali akuyendetsa vani, alamu akutsatira panjinga yamoto. Kungoona mabweredwe amenewo ndinadziwa kuti kunyumba sikuli bwino. Dzulo lake chemwali anayenda yekha maola anayi, dzuwa likuswa mtengo. Atafika n'kutsegula kumbuyo anapeza fani ili zii, mkati mukutentha ngati mu uvuni, anapiye oposa theka atafera m'makatoni. Swichi inali yozimitsa, mwina chikwama chake chinaigunda pokwera. Iye ankanenetsa kuti kanyale kanali koyaka njira yonse ndipo ankakayang'ana pafupipafupi. Alamu ankati kanyale sikangayake swichi ili yozimitsa, Dokotala ananena yekha, ndiye kuti mkazi wawo anaiwala kuyatsa ndipo akungonama. Kunyumba chemwali anawapempha kuti akaone okha, iwo anakana, amvekere mlanduwu akaweruza ndi mwini ntchito. Za anapiye sankazitchulanso n'komwe. Nkhani inali itasanduka yoti kodi chemwali wanga ndi wabodza kapena ayi.

Ndinawauza kuti andipatse mpata ndione kaye. Foni ya alamu inalira, anali mlimi wina wofunsa anapiye ake, ndipo anapita kukayankhira kuseri kwa matayala. Chemwali anapita kumpopi chapatali pang'ono ndi vani kukasukusula. Ndinalowa kutsogolo, n'kutokosa swichi ndi sikuludiraiva mpaka inatuluka pa dashibodi. Sindinafune tesita. Waya wofiira wa ku batire unali pa kamwendo ka fani, wa fani uli pa ka batire.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaganiza kaye, koma zala zinafulumira kuposa mutu. Ndinazula mawaya awiriwo, kuwasinthanitsa, kubwezera swichi m'malo mwake, n'kupukuta ndi chala cha manthu. Munthu womeza malovu akanatenga nthawi yaitali kuposa imeneyo. Ndiye ndinakhala pamenepo ndikutsegula bokosi la mafyuzi ngati ndikufufuza chinachake, khutu lili kwa anzanga awiri amene ankamasula giyabokosi pafupi, kuopa kuti mwina aona. Chimene ndinkateteza chinali dzina lija basi.

Alamu atabwera ndinawapatsa kiyi osawayang'ana kumaso. Anatembenuza kiyi n'kudina swichi. Kanyale kanayaka. Anadinanso, kanathima. Anachita zimenezi katatu, pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi wa ana aang'ono, kenako anamuitana mkazi wawo kuti abwere pafupi.

“Mwaona?” anatero alamu.

Chemwali anayang'ana swichi ija nthawi yaitali, madzi akudonthabe pachibwano.

“Ndaona,” anayankha motsitsa mawu. “Ndiye kuti anali maso anga. Pepani, bambo.”

Alamu sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangomuuza kuti chimene chawapweteka si anapiye koma kukakamira bodza usiku ndi usana pamaso pa ana, ndipo kuyambira lero maulendo aatali aziyenda okha. Ine anandigwira paphewa n'kupepesa kuti anditayitsa nthawi, ati iwo sanakayikepo ntchito yanga. Ndinavomera ndi mutu. Manyazi anandigwira moti ndinkamva kutentha mpaka m'makutu, komabe pakamwa ndinatseka, n'kumadziuza kuti anthu okwatirana amakangana n'kugwirizananso, kuti pofika Lamlungu aiwala.

Alamu anapita kukaliza njinga yawo. Chemwali anakwera m'vani, anamanga lamba, n'kutsitsa galasi la pachitseko. Ine ndinali chiimire ndi sikuludiraiva m'manja, kudikira kuti achoke ndipumeko. Anandikodola ndi chala, ndinawerama pazenera.

“Achimwene, tsopano mwalumikiza bwino eti? Ndikufunsa chifukwa mawa bambo akatenga anapiye ena.”

Ndinati zonse zili bwino, monga waonera.

“Zikomo. M'mawa uno ndinadina kasanu ndisananyamuke, kanyale osathima. Ndipo muja ndinali kumpopi ndinakuonani mukusintha mawaya.” Anayankhula ngati akundiuza mtengo wa sopo. “Musadandaule, sindinena. Iwo amakulemekezani kwambiri, ndiponso pano ndi pantchito panu, anzanu akumva. Ine zanga zithera kunyumba.”

Sanali wokwiya, ndipo chimenecho n'chimene chinandimaliza. Mwana amene ndinkamubereka kumsana popita kusukulu anali atasenza dzina la wabodza pamaso pa mwamuna wake ndi ana ake kuti ine ndikhalebe Dokotala. Anali atayamba kale kulowetsa giya.

Ndinalowetsa dzanja pazenera n'kuzimitsa injini. Ndinawaitana alamu, koma sanamve ndi phokoso la njinga, moti ndinachita kuitananso kachiwiri, mokweza, mpaka anzanga a giyabokosi anadzutsa mitu. Alamu anazimitsa njinga n'kubwera akuvula chipewa. Ndinamupempha chemwali asunthire mpando winawo. Ndinatokosanso swichi ija, ndipo ndinabwezera mawaya awiriwo mmene ndinawaikira tsiku loyamba. Ndinatembenuza kiyi, n'kuzimitsa swichi pamaso pa onse. Fani inaima, kanyale kali chiyakire.

“Alamu,” ndinatero, “umu ndi mmene vani inabwerera kuno. Ndasintha muja munali pafoni. Wabodza pano ndine.”

Alamu anayang'ana kanyale kaja, kenako mkazi wawo. Chemwali anali atabisa nkhope m'manja, akulira mwakachetechete, ndipo sindinadziwe ngati akudzilirira yekha kapena akulirira ine.