Ambulera ya Chigamba cha Maluwa

Loweruka masana ndimaphunzitsa Chingerezi anthu akuluakulu m'chipinda cha kuseri kwa laibulale. Mabenchi ake ndi a ana, choncho ophunzira anga amakhala mawondo ali m'mwamba. Tsiku limenelo kunkagwa mvula, ndipo phunziro lathu linali la umwini, momwe Chingerezi chimanenera kuti chinthu ichi n'cha uje.

"Ife timayamba ndi chinthu, mwini wake n'kubwera pambuyo," ndinatero. "Chipewa cha mlonda. Pa Chingerezi mumatsogoza mwiniyo, n'kumupachika nkhodolero, kachizindikiro kam'mwamba kaja, kenako s." Ndinalemba pa bolodi: the guard's hat.

Bambo mlonda, amene amakhala kutsogolo chifukwa khutu lina linasiya ntchito, anagwira kumutu kuti aone ngati chipewa chilipo.

Ndinapempha aliyense kuti aike kanthu patebulo langa. Panabwera chipewa chija, sizasi ya mayi telala, makiyi, kapu. Mtsikana wogulitsa mafoni, amene anali atangoyamba kumene mwezi womwewo, anabweretsa ambulera yakuda yonyowa.

Ndinainyamula. "Whose umbrella is this? Asisi, kalembeni yankho."

Mtsikanayo anapita pa bolodi n'kulemba mwaluso: my boyfriend's umbrella. Anamwetulira pang'ono pobwerera.

Mayi telala anaimika mkono. Ndinadabwa, chifukwa mayi amenewa sayankha mpaka uwatchule. Anatenga choko n'kulemba pansi pake: my husband's umbrella.

Ndinayang'ana ziganizo ziwirizo. Nkhodolero zonse zinali pamalo pake.

"Nonse mwakhoza," ndinatero. "Komatu mayi, maambulera akuda ndi ambiri m'tauni muno."

"Itambasuleni, aphunzitsi."

Ndinaitambasula. Mbali imodzi inali ndi chigamba cha nsalu ya maluwa achikasu. Kalasi yonse inayang'ana chigambacho, kenako inayang'ana diresi la mayi telala. Maluwa ake anali omwewo.

"Ndinasoka ndine," anatero mayiwo. "Bambo akunyumba anandiuza kuti anaiiwala m'basi."

"Ine anandiuza kuti anasoka ndi amayi awo," anatero mtsikana uja.

"Apongozi angawo ulusi m'singano ndinkawalowetsera ndine."

Ine maphunziro anga a uphunzitsi sanafike pa nkhani zotere, choncho ndinayamba kupukuta choko m'manja.

Bambo mlonda anakhosomola. "Aphunzitsi, nanga eni ake akakhala awiri, kachizindikiro kaja kamakhala pati?"

Funsolo linali m'phunziro la tsikulo, ndiye ndinayankha. "Kamapita kumapeto, s atadutsa." Ndinalemba: the ladies' umbrella.

"Sindimanena ambulera ine," anatero bambowo.

Mayi telala anali asanabweze choko. "Chibwenzi cha mwamuna wanga, pa Chingerezi timati chiyani?"

"Yesani nokha, mayi."

Analemba: my husband's girlfriend. Mtsikana uja ananyamuka, nawapempha chokocho ndi manja awiri, n'kulemba: my boyfriend's wife. Atalemba mawu omalizawo anakakhala pansi n'kuphimba nkhope.

"Sindinkadziwa, amama," anatero.

"Ndaona, mwana wanga. Ukanadziwa ukanabwera ndi ambulera ina."

Tinapitiriza ndi kapu ndi makiyi. Palibe anaphonya, koma palibenso anafuna kuikanso chake patebulo.

Nthawi yoweruka itayandikira, panja panaima galimoto yonyamula buledi. Mwini ambulera, amene ndi dalaivala wa galimotoyo, anabwera kudzatenga mtsikana uja poopa kuti anyowa. Iye ankangodziwa kuti Loweruka mkazi wake amapita ku kwaya, chifukwa mayi telala sankafuna kusekedwa kuti ayamba sukulu ndi imvi. Anatsegula chitseko akuimba mluzu. Anaona mtsikana, anaona mkazi wake, anaona ambulera yotambasula patebulo. Mluzu unathera panjira.

"Pepani," anatero. "Kodi kalasi ya makompyuta ndi ino?"

Bambo mlonda anaimirira, nakonza malaya, n'kumuloza ndi chala. "Whose husband is this?"

Chiyambireni, bambo amenewa anali asanatulutsepo chiganizo chathunthu chopanda cholakwika. Ndinawayamikira.

Mayi telala anaika sizasi yawo m'chikwama, zimene tonse tinakondwera nazo. Kenako anatenga ambulera ija, naitana mtsikanayo.

"Umakwerera kuti basi?"

"Pamphambano, amama."

"Tiye, njira ndi imodzi."

Anatuluka atafunda ambulera imodzi. Dalaivala anawapatsa mpata pakhomo, kenako anakalowa m'galimoto n'kumawatsatira pang'onopang'ono, atatsitsa galasi, akulankhula. Ife tinaonerera pa windo mpaka anakhota. Palibe mmodzi mwa awiriwo anacheuka.

Loweruka lotsatira onse anabwera, ndipo anakhala benchi imodzi. Bambo mlonda anandinong'oneza mokweza kuti munthu uja masiku ano akugona m'galimoto pamodzi ndi buledi. Ine ndinatsegula buku pa mutu watsopano, wa zinthu zimene zinachitika kale n'kutha, ndipo ndinapempha zitsanzo. Mikono iwiri inakwera nthawi imodzi. Ndinayamba ndi wamkulu.