Lydia wa Lolemba ndi Lydia wa Lachinayi

Pakhoma la ofesi ya a hedi, Mayi Matemba, panamatidwa chithunzi cha makona atatu chogawidwa patatu. Anabwera nacho kuchokera ku maphunziro a sabata imodzi, ndipo aphunzitsi anachipatsa dzina loti denga. Pansi pake, potambalala, panali kalasi yonse, phunziro lomwe mwana aliyense amalandira. Pakati panali kagulu ka ana otsalira pa kuwerenga, omwe ankakumana pansi pa mtengo wa kesha Lachiwiri ndi Lachinayi anzawo akaweruka. Pansonga panali mwana yemwe ngakhale kagulu kalephera kumusuntha, woti azikhala yekha ndi mphunzitsi mphindi makumi awiri tsiku lililonse. Papepala nsongayo inkaoneka yotakasuka. Pasukulu ya ku Chinsapo imeneyi, mu Sitandade 3 B ya ana 126, inkakwana ana atatu, ndipo malo awiri anali atapita kale.

Malo otsalawo ndi amene anakanganitsa a Vaileti Chimwaza ndi a Misheck Kalonga.

A Chimwaza anali mphunzitsi wa kalasiyo, chaka chawo chachiwiri pa ntchito. A Kalonga anali atadya fumbi la choko zaka 22, ndipo ndiwo ankaphunzitsa kagulu ka pansi pa kesha. Dongosolo linali loti wophunzitsa asadziyese yekha. Choncho Lolemba lililonse a Chimwaza ankaitana ana khumi ndi awiri a m'kagulumo mmodzimmodzi, aliyense awerenge kwa mphindi imodzi, iwo n'kulemba kuchuluka kwa mawu omwe wawerenga molondola.

Lachitatu pa buleki awiriwo anakumana mu ofesi, aliyense ndi pepala lake.

"Lydia Gomani akwere pansonga," anatero a Kalonga. "Masabata asanu ndi limodzi, mwana wangofika pa ma, me, mi."

"Lydia Gomani atsike, abwerere m'kalasi," anatero a Chimwaza. "Lolemba wawerenga mawu 58. Atamaliza anandifunsa ngati kuli tsamba lina."

"Waloweza ameneyo."

"Aloweza bwanji? Kankhaniko ndinakalemba ndekha Lamulungu nditachoka kutchalitchi."

"Ndiye ndi wotchi ya pafoni yanuyo, Madamu. Mwina imayenda ngati minibasi ya ku Nsungwi yosadzadza. Mphindi yake imodzi munthu mpaka kugula chimanga chootcha."

"Kapena ndi nsidze zanuzo, a Kalonga. Ngakhale ine mukandiyang'ana ndimaiwala dzina la agogo anga."

Mayi Matemba sanaseke. Anakhudza chithunzi cha pakhomacho ndi cholembera. "Mwana mmodzi sangakhale pansi pa denga ndi pansonga nthawi imodzi. Lachisanu ndikufuna dzina limodzi la malo otsalawa. Mukalephera kugwirizana ndidzasankha ndekha, ndipo nonse mudzadandaula."

A Chimwaza anali munthu woti chinthu chikapanda kugwirizana, chakudya sichiwatsikira. Ali ku koleji anzawo ankawabisira nyuzipepala chifukwa ankayamba ndi tsamba la mafunso ozunguza mutu n'kulidzaza lonse ndi inki. Tsono masana amenewo, ana ataweruka, anakhala pa desiki ndi mulu wa makope, nafunafuna la Lydia.

Tsamba la Lolemba linali la zilembo zazing'ono, zoima bwino pa mzere. La Lachiwiri linali la zilembo zikuluzikulu, zojambulidwa chimodzichimodzi ngati munthu akukopera maluwa a pa chitenje, ndipo pensulo inali itafufutika kuchokera kumanzere kupita kumanja, momwe zimachitikira dzanja likamakwawa pamwamba pa zomwe lalemba kumene. La Lachitatu linali laukhondo. La Lachinayi lofufutika. Anabwerera m'mbuyo masabata asanu ndi limodzi, ndipo zinali choncho osaphonya. Anatsegula rejista. Lydia Gomani, nambala 41, sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. M'kalasi momwe malungo ndi chifuwa zinkadutsa ngati nazonso zinalembetsa, iye yekha ndiye anali ndi thanzi lachitsulo.

A Chimwaza anatseka kopelo, nayang'ana pansi popanda madesiki pomwe ana 126 amakhala mothithikana. Anavomereza mumtima chinthu chomwe sakananena mu ofesi: mayina ankawadziwa onse, koma nkhope mwina makumi asanu ndi limodzi.

Lachinayi m'mawa, poitana mayina, atafika pa 41 anadzutsa mutu. "Ndilipo, Madamu!" Mawuwo anachokera kumbuyo, kufupi ndi khoma, pakati pa mitu yometedwa mofanana ndi mayunifolomu a buluu ofanana. Sanaone chilichonse. Anadikira mpaka poweruka, natsatira kagulu kupita ku mtengo wa kesha.

"Mwabwera kudzandiyendera?" anafunsa a Kalonga.

"Ndabwera kudzaona nsidze zikugwira ntchito."

Anakhala pa muzu. Kwa nthawi yoyamba anaona momwe mkuluyo ankaphunzitsira, ndipo anachita manyazi pang'ono ndi zomwe ankaganiza. A Kalonga anali ndi thumba la zitsekerero za mabotolo, chilichonse atachilemba phatikizo limodzi m'kati. Ankayamba okha: kuika zitsekerero ziwiri pa dothi, kutchula chilichonse pang'onopang'ono, kenako kuzikankhira pamodzi n'kutchula liwu lonse. Kachiwiri ankachita limodzi ndi ana. Kachitatu ankangopinda manja, mwana achite yekha. Wolakwitsa sankamudumpha kapena kumukalipira. Ankabwerera naye pa phatikizo lomwe wapunthwapo, n'kuyambiranso.

"Lydia, bwera," anatero a Kalonga, naika zitsekerero zitatu.

Kamtsikana kanasendera. Kanatambasula dzanja lamanzere. Kanakhudza choyamba. "Ma." Chachiwiri. "Ka." Pa chachitatu kanaima nthawi yaitali, milomo ikuyenda popanda mawu. "La." Kanazikankhira pamodzi. "Ma-ka-la. Makala!" Kanatembenuka n'kuyang'ana a Kalonga ngati amubera. "Makala omwe aja, Sala? Ophikira?"

"Omwewo. Wawerenga wekha." A Kalonga anatembenukira kwa a Chimwaza. "Mwaona? Maphatikizo atatu, koyamba lero. Uyu ndiye wa mawu 58 wanuyo?"

A Chimwaza anamuyang'anitsitsa. Mwanayo anali woonda kuposa Lydia wa Lolemba, ndipo anali ndi kachipsera pamwamba pa diso. Funso lawo linali litayankhika, koma sanamve kukoma komwe ankamva akadzaza bokosi lomaliza m'nyuzipepala. Akalankhula, mwana yemwe wangowerenga liwu lake loyamba akhoza kusabweranso. Akakhala chete, mawa a hedi asankha, ndipo akakhulupirira pepala la Lolemba, dzina la Lydia lichoka m'kagulu, mwanayu n'kutsala kumbuyo kwa kalasi akujambula zilembo zomwe sakuzimva.

Anadikira ana ena apite.

"Iwe, dzina lako ndani?"

"Lydia Gomani, Madamu."

"Kunyumba akamakuitana kuti ukatunge madzi, amati chiyani?"

Mwanayo anayang'ana zitsekerero. Anazisuntha ndi chala. "Eva," anatero chapansipansi.

A Kalonga anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. "Masabata asanu ndi limodzi," anatero. "Ndiye inu ndi ine takhala tikukangana za ana awiri?"

Eva anawatsogolera kudutsa pamsika, kuseri kwa chigayo, mpaka pa nyumba ya lendi ya zitseko zinayi. Pakhonde, mayi wina ankasanja tomato m'milu pa thebulo. Pambali pake, mtsikana wovala diresi lakunyumba ankatsuka mbale uku akuwerenga mokweza chidutswa cha nyuzipepala chokulungira usipa. Ataona aphunzitsi awiri, mbale inagwera m'beseni.

"Waswera bwanji, Lydia?" anatero a Chimwaza. "M'rejista mwanga uli kusukulu."

Mayi a Lydia anatulutsa mipando iwiri, iwo nakhala pansi pakhonde. Sanayese kukana. Eva anali mwana wa mng'ono wawo wa ku Phalombe. Madzi osefukira anatenga nyumba ndi mbali ina ya sukulu ya kumeneko, ndipo mwanayo anakhala nthawi yaitali osalowa m'kalasi asanamutumize ku Lilongwe. Teremu itayamba anapita naye kukalembetsa, koma ali pa mzere bambo wina yemwe anali patsogolo pawo anawauza kuti popanda kalata ya tiransifa asataye nthawi.

"Ndiye munafika mu ofesi, amayi?" anafunsa a Kalonga.

"Ayi, aphunzitsi. Ndinaona kuti bamboyo akudziwa. Anavala tayi."

Sabata yachiwiri Lydia anadwala malungo. Yunifolomu inangokhala pa chingwe, Eva akulira kuti akaoneko sukulu, ndipo mayiwo anati apite tsiku limodzi lokha. Tsiku limenelo ndi lomwe kalasi yonse inayesedwa kuwerenga kuti apeze ana a m'kagulu.

"Nditachira anandiuza kuti ndizitsala kumtengo," anatero Lydia, mantha atayamba kutha. "Ndinangosuzumira kamodzi. A, e, i, o, u! Ine? Ndinamuuza Eva kuti zimenezo ndi zako, wazipala wekha, uzipita ndiwe."

"Nanga Lolemba?"

"Lolemba ndimapita ine, pamakhala wotchi. Eva amaopa wotchi."

A Kalonga anatsokomola kuti abise kuseka. Ana awiri a zaka khumi anali atagawana masiku molondola kuposa chithunzi cha pakhoma: wofuna kagulu ankapita masiku a kagulu.

Koma mayi a Lydia sankaseka. "Chonde aphunzitsi, musamuchotse Lydia. Cholakwa ndi changa. Eva azikhala pakhomo pano, azindithandiza tomato mpaka kalatayo idzapezeke."

Eva anali ataima pakhomo, akadali mu yunifolomu ya mnzake. Anayamba kumasula batani la pakhosi.

"Usavule kaye," anatero a Chimwaza. Kenaka anazindikira kuti alibe mphamvu yolonjeza chilichonse. "Amayi, mawa mubwere nawo onse awiri. Mudzalowe mpaka mu ofesi, ngakhale mutakumana ndi tayi."

Lachisanu Mayi Matemba anamvetsera nkhani yonse atagwira mutu. Mayi a Lydia ndi ana anali pa benchi panja.

"Ndiye mukundiuza kuti rejista yomwe ndimasainira ine sabata iliyonse ndi yabodza."

"Masiku awiri pa sabata, a Hedi," anatero a Chimwaza. "Mzere umodzi wokha."

"Ndipo inu, mphunzitsi wa kalasi, simunaone kuti mwana wasintha nkhope."

"Sindinaone."

"Ine ndinamuona bwinobwino," anatero a Kalonga. "Kungoti ndinkamuona yemweyo nthawi zonse."

"Musandiseketse, a Kalonga, ndakwiya. Kalasi ili ndi ana 126. Mwana alibe kalata. Sitikudziwa ngati anamaliza ngakhale Sitandade 2."

A Chimwaza anaika kope la Lydia pa tebulo, natsegula masamba ofufutika aja motsatana. Sabata yoyamba zilembo zinali zogona, zina zoyang'ana kumbuyo. Sabata yachinayi zinayamba kukhala pa mzere. Patsamba la dzulo lake, pansi penipeni, panali liwu lomwe silinali pa bolodi tsiku limenelo, lolembedwa katatu: makala, makala, makala.

"Izi wachita ndi masiku awiri pa sabata, akubisala," anatero. "Munati tibweretse dzina limodzi. Tagwirizana. Eva."

Mayi Matemba anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Anafunsa dzina la sukulu ya ku Phalombe, nalilemba pa kapepala. Anati aimba foni okha, ndipo kalata ikhoza kutsatira mwana m'malo moti mwana azidikira kalata. Kenaka anatsegula rejista ya 3 B, napereka cholembera kwa a Chimwaza.

"Lembani 127. Koma kuyambira lero, Lachinayi lililonse inu muzikakhala kumtengo, ndipo Lolemba a Kalonga azikhalapo poyesa. Sindikufunanso mapepala awiri a ana omwe simunawaonere limodzi."

"Pali kanthu kenanso," anatero a Chimwaza. "Kuchotsera kobwereka ndimaphunzitsa Lachiwiri ndi Lachinayi. Lydia sanakuonepo. Ndamuyesa m'mawa uno, wapeza ziwiri pa khumi."

"Ndiye akalowe kagulu ka masamu."

Panja, Lydia atamva, anafuula kuti zimenezo si chilungamo, ndipo anafunsa ngati Eva angamupitire.

Lolemba, poitana mayina, "Ndilipo, Madamu!" wa nambala 41 anachokera kutsogolo, komwe a Chimwaza anamusamutsira. Wa 127 anachedwa pang'ono, ngati mwini wake akuyesa kaye ngati dzinalo likumukwana. Eva anavala diresi lachikasu la maluwa, yekha pakati pa buluu yense uja, woti ngakhale mphunzitsi wa nkhope makumi asanu ndi limodzi sangamusokoneze.

Nthawi yoyesa itakwana, a Kalonga anabwera ndi mpando wawo. Eva anayang'ana foni yomwe inali pa desiki, nauma thupi. A Chimwaza anaitembenuza chafufumimba, naikankhira pansi pa rejista.

"Palibe wotchi. Yamba pomwe ukufuna."

Eva anaika chala chamanzere pansi pa liwu loyamba. Foni italira pansi pa rejista kuti mphindi yakwana, anali atawerenga mawu anayi ndipo anali pakati pa lachisanu. A Chimwaza anafuna kulemba, koma a Kalonga anakweza dzanja kuti adikire. Mwanayo sanamve n'komwe kulirako. Anamaliza liwulo, nasunthira chala pa lotsatira.