Simbale Imene Ndinaikwecha ndi Mchenga

Ine ng'oma za amuna anga ndinkadana nazo, ndipo sindibisa. Anzanga pa Mitundu anakwatiwa ndi alimi a fodya, ena ndi aphunzitsi. Ine Felesiya ndinakwatiwa ndi phokoso. A Gilibati, bambo a Tadala, ankaimba ng'oma mu bandi ya nyimbo za roko, zija gitala amachita kulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Anthu ankati ndi nyimbo za ozungulira mitu, koma Loweruka holo ikatsegulidwa, anthu omwewo ndi amene ankayamba kudzaza mabenchi.

Pa zida zawo zonse, chimene ankachikonda mwina koposa ine ndi simbale ya raidi. Ndi mbale yaikulu yamkuwa, yonga chivundikiro cha poto wa paukwati, imene imakhala pachitsulo kudzanja lamanja la woimba. Amaimenya ndi kamtengo mosalekeza, ndipo bandi yonse imatsata kulira kwakeko. "Imeneyi ndiye msewu, Felesiya," ankatero. "Zinazi ndi magalimoto chabe." Yawoyo anali nayo tisanakwatirane n'komwe.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha, mvula itangoyamba, anadwala matenda oumitsa khosi. Anagona m'chipatala mwezi wathunthu, masiku ena osandizindikira ine mkazi wawo. Ndikabwera kunyumba kudzatenga ufa, ndinkapeza simbale ija ili pakona, yakuda bii, ya madontho obiriwira. Mtima unali m'mwamba, manja akusowa chochita. Tsiku lina ndinaitulutsa pabwalo, ndinatenga mchenga, phulusa ndi chiguduli, n'kuikwecha monga timachitira ndi mapoto. Inawala mpaka ndinadziona nkhope. Ndinati akadzatuluka adzasangalala. Nanga ndani anandiuzapo kuti oimba ng'oma litsiro limenelo amalikonda?

Tsiku lotuluka, namwino anandiitanira pambali.

"Mayi, moyo wapulumuka, koma makutu avulala. Mawu okweza azimva, ng'oma zazikulu azimva. Koma timawu tosongoka, tonga ta mbalame kapena belu, sadzatimvanso, ndipo zikhoza kunka zikula. Mukawauze akapezako mphamvu."

Ndinavomera ndi mutu. Sindinawauze.

Titafika kunyumba, munthu wosatha n'kuyenda bwino uja anapita molunjika ku ng'oma zake. Anaponda yaikulu ya pansi ija, du! du! Anamwetulira. Kenako anamenya simbale. Ine ndinaimva ikulira mpaka kukhola, nkhuku zinachita kubalalika. Iwo anakwinya nkhope, n'kumenyanso. Apo m'pamene anaona kuwala kuja.

"Waichita chiyani simbale yanga?"

"Ndaitsuka."

"Ndi chiyani?"

"Ndi mchenga."

"Mayo ine! Waipha, Felesiya! Simbale si poto wa ndiwo!"

Pakamwa panga pamadziwika Mitundu yonse. Wogulitsa usipa akandibera mulu amandimva mpaka ku depoti. Koma tsiku limenelo ndinameza malovu. Ndinaona mikono yawo yowonda ija, ndipo ndinati mumtima, kuli bwino mlandu ukhale wa mchenga. "Pepani, bambo a Tadala," ndinatero basi.

Miyezi iwiri ndinausenza mlandu umenewo. Anauza anzawo a mu bandi kuti sangabwerere kuholo chifukwa mkazi wawo wapha simbale. Nkhani inafika kumjigo, azimayi n'kuyamba kunditcha Namchenga. Zinkandiwawa, abale, ndipo kangapo mawu anafika pamlomo. Koma m'mawa uliwonse ndinkawamva akuimenya, lero mwamphamvu kuposa dzulo, ati kuidzutsa. Mpaka tsiku lina inang'aluka kuchokera m'mphepete kulowa m'kati. Anabwera nayo kukhitchini.

"Waona? Mchenga wako unaidya mpaka yapyapyala."

Ndinagulitsa mbuzi yanga yaikazi. Musandifunse kuti ndinkaganiza chiyani. Ndinkadzinamiza kuti mwina namwino uja analakwitsa, mwina simbale ina yolira kwambiri adzaimva, ndipo bodza langa lidzangofera momwemo.

Tinamva kuti ku Nathenje kuli bambo wina, a Alick, wokonza mawailesi ndi masipika, amene amagulanso zida zakale ku mipingo ndi ku mabandi amene anatha. Tinakwera kabaza wa njinga yamoto Lachiwiri m'mawa, njira yafumbi yodulira. Njira yonse a Gilibati ankandiphunzitsa mokuwa, poti masiku amenewo ankalankhula mokweza osadziwa.

"Usamatengeke ndi kuwala! Uziyendetsa chikhadabo m'mphepete monse, chikakodwa ndiye kuti pali mng'alu. Uzionanso bowo la pakati, likhale lozungulira, lisatalike. Kenako kulemera kwake. Roko safuna mbale ya tiyi!"

A Alick anali bambo wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi waya. Anayala mkeka pakhonde la shopu yawo n'kuikapo simbale zitatu. Ndiwayamikire, sanali wamalonda wabodza.

"Iyi yowalayi ndi yatsopano ndipo ndi yotsika mtengo, koma ndi ya mkuwa wachikasu, ya ophunzira. Pa roko singakwane chaka. Iyi yachiwiri ndi yakunja, yopyapyala, mawu ake ngati uchi, koma mtengo wake ndi wowawa, komanso ili ndi kamng'alu apa. Ndinaboola kabowo kumapeto kwake kuti kasapitirire. Yachitatuyi ndi ya buronzi, mkuwa wolimba uja, yochindikala. Maonekedwe ndiye palibe, koma ilibe chilema, ndipo mtengo wake ndi wapakati."

A Gilibati anayendetsa chikhadabo pa iliyonse, anasuzumira mabowo, anazinyamula m'manja kumva kulemera. Pa zimenezo analibe mnzawo. Kenako a Alick anabweretsa chitsulo choimikapo, ndipo amuna anga anatulutsa kamtengo kawo m'thumba la jekete.

Anamenya yoyamba. "Yakufa."

Anamenya yachiwiri. Ine amene sindikonda nyimbo, tsitsi linachita nyaunyau ndi kukoma kwake. Iwo anapukusa mutu. "Yakufanso iyi."

A Alick anavula magalasi n'kuyang'ana amuna anga.

Yachitatu anaimenya pamchombo, potukuka pa pakati paja. Inalira ngati belu la kusukulu, mawu olimba, oyera. A Gilibati anaponya kamtengo pamkeka.

"Kodi achimwene, mumagulitsa masimbale kapena zivundikiro za mapoto? Tachokera ku Mitundu ife!"

"Aaa, bambo, musandinyoze pakhomo panga!" a Alick anakwiya. "Yakufa iti? Taonani tsidya la msewu uko!"

Amuna anga anatembenuka. Azimayi ogulitsa tomato onse anali atacheuka kuyang'ana kwathu, ndipo mmodzi anali atatseka makutu ndi manja, akuseka. A Gilibati anatola kamtengo kaja pang'onopang'ono. Anamenyanso, maso ali pa azimayi aja. Wotseka makutu uja anakuwa kuti, "Mutigonthetsa inu!" Ndiye a Gilibati anaika nsonga za zala m'mphepete mwa simbale, n'kumva ikunjenjemera.

Anandiyang'ana. Ine misozi inali itafika kale pachibwano.

"Felesiya, ikulira?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

"Zonse zitatu?"

"Zonse, bambo a Tadala."

"Nanga ya kunyumba ija?"

"Inkalira mpaka kukhola."

"Unadziwa liti?"

"Tsiku lotuluka m'chipatala. Anamwino anandiuza kuti ndikuuzeni. Ndinaopa."

Anakhala pa sipika yakufa imene inali pakhondepo. A Alick, munthu waulemu, analowa m'shopu ngati aiwala kanthu. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero, chifukwa kukalipa ndinakuzolowera. Koma anangoyang'ana kamtengo m'manja mwawo.

"Ndiye kuti ndinaiswa ndekha," anatero pomaliza. "Zaka makumi awiri ndili nayo, ndaiswa ndekha, n'kumanamizira iwe."

Ndinafuna kunena kuti tiyeni tizipita, mbuzi ndigulanso. Koma anaimirira, anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, n'kuitana a Alick kuti atuluke.

"Felesiya, ima apa. Ndikamenya, kweza dzanja. Usatsitse mpaka itasiyiratu kulira."

Ndinaima pamkekapo ngati mwana wa sitandade wani. Yoyamba ija dzanja silinachedwe kutsika. Yachiwiri linakhala m'mwamba mpaka phewa linawawa. Yachitatu linakhalako ndithu, koma osafika pa inzake ija. Anabwereza kawiri, akumenya m'mphepete, pakati, pamchombo, ndipo nthawi zonse maso awo anali padzanja langa, osati pasimbale.

"Yachiwiriyo ndiyo yokoma," ndinawauza mokweza. "Tingathe kuwonjezera, nkhuku zilipo."

"Ayi. Imeneyo ndikaiswa sabata imodzi. Munthu wosamva amamenya mopyola muyeso, waona wekha. Achimwene, ndipatseni yochindikalayo. Ikufunika yoti izindipirira."

A Alick sananenerere n'komwe. Anatchula mtengo wotsikirapo kuposa umene ananena poyamba, n'kuwonjezera kansalu kofewa koika pabowo kuti chitsulo chisamadye mkuwa. Ine ndinavula chitenje chapamwamba n'kuikulunga.

Tinakakhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu kudikira kabaza wobwerera. Dzuwa linali paliwombo. A Gilibati anaika simbale pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake.

"Loweruka udzabwere kuholo," anatero. "Udzakhale benchi ya kutsogolo. Ndikapyola muyeso, udzandikwezere dzanja."

Zaka zonsezi ndinali ndisanapondemo m'holo imeneyo. Ndinavomera.

Wakabaza anafika n'kuima patsogolo pathu, koma amuna anga sanadzuke. Anandigwira dzanja, lomwe lija ndinkakweza.

"Undikhululukire, mkazi wanga. Koma tandiuza chinthu chimodzi. Yakale ija, utaikwecha ndi mchenga, inkalira bwanji?"

Zaka zonse zija inkalira m'nyumba mwanga, ine n'kumatseka chitseko cha kukhitchini, ndipo tsopano makutu otsala oti aikumbuke anali angawa.

"Inkalira bwino, ngati kale lomwe," ndinatero chapansipansi.

Anasendeza khutu pafupi ndi pakamwa panga.

"Wati chiyani?"

Ndinabwereza mokuwa, ndikulira, mpaka wakabaza uja anazimitsa injini.