Kumanda kwa Njinga pa Zalewa

"Mwana wophunzira m'manja mwanga safunsa kawiri," anatero a Bester m'mawa umenewo, akupukuta sipanala pa ovolosi. "Ndikangoloza ndi mlomo, ntchito yatha. Kuchokera pa Zalewa pano mpaka ku boma, kulibe galaja yosula amakaniko ngati ino."

Ine ndimakazinga chipisi pafupi ndi galaja yawo ya njinga zamoto, ndiye mawu amenewa ngakhale chiwaya changa chinawaloweza. Koma tsikulo matamawo anali ndi chifukwa. Koleji ya ntchito zamanja inali itawapatsa ophunzira awiri, Christobel ndi Noah, kuti ntchito aiphunzire poigwira, zija amati atachimenti. Tsono mphunzitsi wawo ankabwera kudzaona ngati anawo akupinduladi. Akakhutira, chaka chamawa adzatumiza kalasi yonse kwa a Bester. Akapanda kukhutira, awiri omwewo awachotsa. A Bester anali atauza kale wolemba zikwangwani kuti asungunule penti.

Kuseri kwa galajayo kuli mtengo wa bwemba, ndipo pansi pake timati kumanda. Kumagona njinga zimene zinatopa ndi msewu wa ku Neno, eni ake n'kuzithawa. A Bester sagula chitsulo ku Blantyre ngati kumandako chilipo. Phunziro loyamba kwa ana aja linali lomwelo: wakufa athandize wamoyo.

Mphunzitsi uja, a Lucius, anafika dzuwa litakwera, lija la pa Zalewa lophika dzira m'thumba. Anabwera pa njinga yobwereka kwa alamu awo a ku Magaleta, fumbi mpaka pagalasi, chishalo chomanga ndi mphira. Munthu wanzeru amasaka mthunzi, ndipo mthunzi unali pa bwemba pokha. Anaiimika pakati pa zinzake n'kuzungulira kukhomo. Anawo anali m'kati akusesa, sanaone kanthu.

Malonje asanathe, anatulukira Wisdom wa kabaza akukankha njinga yake, thukuta lili kamukamu.

"Madala, yandifera pamlatho. Kasitomala wa ku Matope akundidikira, ndithandizeni."

Maso a a Bester anawala ngati aona ndiwo zaulere.

"Aphunzitsi, mwayenda ndi mwayi. Khalani apa. Iwe wa chipisi, apatse mbale yodzadza. Musanamalize mbale imeneyi njingayi ikhala ikulira, ndipo ine sindikhudza chitsulo."

"Tiyeni tione," anatero a Lucius akukhala pa benchi.

Pa Zalewa nkhani ilibe miyendo koma imathamanga. Posakhalitsa anyamata a kabaza anazungulira, amayi ogulitsa malambe anasiya malichero awo, wina anatulutsa foni kuti ajambule. Christobel anagwada, anaponda kiki, anamvetsera, anatsegula apa ndi apo.

"Kabureta yatha ntchito, bwana. Tcheni chakhwepa, ndipo tayala lakumbuyoli lafika pa ulusi."

A Bester anangotukula chibwano, mlomo n'kuloza kuseri. Noah ananyamula bokosi la masipanala, liwiro. Tisanaphethire anabwera atanyamula kabureta m'manja onse awiri ngati khanda.

"Kwagwa maliro atsopano, bwana. Kaburetayi ikadali yofunda."

"Ndi dzuwa limenelo. Thamanga, tcheni."

Apo ine ndinasuzumira ku bwemba, n'kuitana msanga.

"A Bester, tabwerani kaye kuno."

"Iwe samala mafuta ako. Za injini si za mbatata."

Gulu linaseka. Munthu ukayankhidwa choncho pagulu, umabwerera ku chiwaya chako. Ndinangowonjezera a Lucius tsabola.

Ntchito inali kuyenda, ndisaname. Christobel akumanga, Noah akuthamanga. Tcheni chinabwera, tayala linabwera likugubuduzika lokha, batire nalo linabwera poti la Wisdom linkakayikitsa. Anyamata a kabaza diso lina pa njinga, diso lina pa mbale.

"Aphunzitsi, tafunani pang'onopang'ono, mano ndi anu omwe," anatero wina.

"Asiyeni adye, tione ngati madalawa samangobwebweta," anayankha mnzake.

A Lucius anali ataiwala kuti anabwera kudzayesa anthu. Ankasekerera, mafuta ali pamilomo.

"Mtsikana uyu kukoleji ankaopa girizi, lero taonani. Koma a Bester, zitsulo zabwino chonchi mumazipeza kuti?"

"Chinsinsi cha ntchito, aphunzitsi. Kuno sititaya kanthu."

M'mbale munatsala tizidutswa tochepa pamene Christobel anadzuka, anapukuta manja, n'kuponda kiki. Njinga inatsokomola. Anapondanso, ndipo inalira mpaka agalu a kumsika anayankha. Amayi a malambe anaimba nthungululu, a kabaza analiza mahutala, Noah ananyamula Christobel m'mwamba. Wisdom sanadikire zotsanzikana. Anakweza kasitomala wake n'kulowera njira ya ku Matope, kutisiyira fumbi.

A Lucius anaimirira n'kugwira a Bester chanza ndi manja awiri.

"Ndakhutira, bambo. Chaka chamawa konzani malo, ndikubweretserani kalasi yonse. Koma ndithamange, alamu akufuna njinga yawo dzuwa lisanalowe."

"Tikuperekezeni. Mwaimika kuti?"

"Pamthunzi apo, kuseri."

A Bester ankafotokozabe za chikwangwani chatsopano pamene timakhota pangodya, gulu lonse lili pambuyo. Pansi pa bwemba, njinga ya alamu inali itakhala pa njerwa, kumbuyo kulibe tayala, mawaya ali lendelende ngati matumbo a mbuzi ya pa Khirisimasi. A Lucius anaima chilili, kiyi ali m'manja.

Noah anafika pambuyo pathu, sipanala ili m'manja, akupumira m'mwamba ndi chisangalalo.

"Bwana, nyali yake ndi yabwinobwino. Tichotseretu?"