Maola Asanu ndi Limodzi Chagada

Madokotala atamaliza kutsegula mtsempha wa mtima wa mayi wina wosoka zovala, anawapatsa lamulo limodzi: agone chagada maola asanu ndi limodzi, mwendo wakumanja usapindike. Kachubu kamene anagwiritsa ntchito kanali katalowera pa mtsempha waukulu wa m'mphechepeche, ndipo kabalako, ngakhale kanali kakang'ono ngati pobaya singano, kankafunika nthawi kuti katseke.

Msana unkawawa ndithu, koma chowasowetsa mtendere chinali china. Pa zaka makumi anayi za banja, mayiwa anali asanasiyanepo ndi amuna awo masiku atatu athunthu. Mkonono womwe ankaudandaula tsiku ndi tsiku uja, tsopano ankaulakalaka. Bambowo anali pakhonde kudikira nthawi yoonera odwala, ndipo kutsokomola kwawo kunkamveka mpaka pabedi.

"Achemwali, namwino watuluka," ananong'oneza mng'ono wawo amene ankawadwazika. "Dzukani pang'ono muwasuzumire pawindo. Akuonani ndani?"

Mayiwo sanachite kuuzidwa kawiri. Anapinda bondo n'kudzikoka kuti akhale tsonga. Nthawi yomweyo anamva chinthu chofunda chikuyenderera pantchafu. Nsalu ya pabedi inafiira, mng'ono uja n'kukuwa.

Namwino anabwera chothamanga n'kupanikiza pabalapo ndi manja onse awiri, osasiya mpaka magazi ataleka.

"Mayi, mtsempha uwu si wapachala," anatero. "Ndikanachedwa, tikanakamba zina. Maola aja tiyambiranso kuwerenga."

Misozi inatsikira m'makutu mwa mayiwo. "Mwanangu, si mwano ayi. Ndimangofuna kuona nkhope ya amuna anga. Ndawasowa."

"Nanga bwanji osandiuza? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chilichonse chokuvutani, kaya ndi msana, ludzu, chimbudzi, ngakhale kusowa munthu, ndiitaneni. Ndiyo ntchito yanga."

Namwinoyo anasintha nsalu, napinda kathaulo n'kukalowetsa kunsi kwa msana wawo. Anawamwetsa madzi pang'onopang'ono osawadzutsa mutu, anagwira phazi kuti aone ngati magazi akuyenda bwino, kenaka anawafunditsa bulangeti. Atatero anapita kukalankhula ndi mkulu wa wodiyo.

Pobwerera anali ndi amuna a mayiwo, bambo waimvi, chipewa chili m'manja, malaya atamangidwa mabatani mopingasa.

"Taonani malayawo!" anatero mayiwo, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Masiku atatu okha mwayamba kale kuoneka ngati mbeta yachimuna?"

"Bambo, ndakulembani ntchito," anatero namwino akuwakokera mpando. "Ikani dzanja pabondo apa. Likafuna kupindika, akumbutseni. Mukaona magazi kapena kutupa, ndiitaneni msanga."

Bambowo anakhala pansi n'kuika dzanja mosamala ngati agwira dzira. "Zaka zonsezi ndimakuuzani kuti muzipumako pa makina anu aja, inu osamva. Lero ndachita kupatsidwa chilolezo."

"Manja anu akuzizira," anadandaula mayiwo, maso ali chitsinzinire.

Bambowo anayamba kuchotsa dzanja lija.

"Ndani wati muchotse?"

Phunziro: Wodwala amene madokotala agwira ntchito pa mtima wake asadzuke kapena kupinda mwendo namwino asanalole. Chomuvuta chilichonse achinene, pakuti kusungulumwa nakonso kumafuna chisamaliro.