Magalasi a aDalaivala

"Kunonso kulibe," anatero Mzime, mutu uli kunsi kwa bedi, miyendo yokha ikuoneka. "Ndapeza sokosi imodzi, chipeso chothyoka ndi fumbi lodzaza ndowa. Magalasi ayi."

"Zisiye zimenezo," anayankha mchimwene wake Changu, akudula selotepi ndi mano. "Bambo anataya magalasi onse amene ndinawagulira. Ukuganiza kuti omalizawo ndiye anasunga?"

Mzime anatuluka chafutambuyo, nakhala pansi n'kumasasa fumbi m'tsitsi. Sankafuna wailesi kapena jekete. Pa zinthu zonse za malemu bambo ake ankangofuna magalasi, oti aziwaika pawindo la kachipinda kake ka lendi.

Panali patangopita masiku ochepa chiikireni m'manda bambowo, amene aliyense ankawatchula kuti aDalaivala poti anayendetsa mabasi mpaka imvi. Olira anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa. M'nyumba munatsala atatu: Amayi, Mzime, ndi Changu mwana wachisamba. Dzina la Changu anamupatsa ndi bambo ake omwewo chifukwa anabadwa masiku asanakwane, ndipo kunena zoona, chibadwire munthuyu sanakhalepo pansi. Anzake akali kupukuta misozi, iye anali atapeza kale makatoni, ataitanitsa lole, atapezanso munthu wofuna kuchita lendi nyumbayo.

Pa makatoniwo analemba ndi cholembera chachikulu chakuda: ZOTENGA, ZOGULITSA, ZOTAYA. Ankalemba momasuka, Amayi ali pomwepo, poti Amayi sukulu anangoiona kunja. Ngakhale pa mpando wandalema wa bambo ake anamatapo pepala la ZOGULITSA, n'kuwauza Amayi kuti ndi chizindikiro chabe cha anyamata a lole. Chomudabwitsa chinali chimodzi. Ketulo yakale imene anaiponya mu katoni ya zotaya ankaipeza ili pa sitovu. Nsalu ya patebulo inachoka mu zogulitsa n'kubwerera patebulo. Iye ankangoti ndi Mzime.

Masana amenewo anakhala kukhitchini kumwa tiyi wa mu ketulo yomweyo.

"Amayi, Loweruka tikunyamuka," Changu anayamba. "Mpongozi wanu wakonza kale chipinda. Chili ndi bafa lakelake."

"Ine ndinakuuza kuti ndikusowa bafa?"

"Si za bafa, Amayi. Simungakhale nokha muno. Mankhwala anu a shuga, a kuthamanga kwa magazi, azikuwerengerani ndani? Uthenga ukabwera pa foni? Kalata ya madzi ikabwera? Zonsezi ankachita ndi Bambo."

"Bambo ako atha chaka ndi miyezi akusowa magalasi. Ine ndafa?"

"Unali mwayi chabe. Mukadzasokoneza mabotolo tsiku limodzi, tidzalira maliro ena."

"Achimwene, mwina tiyambe tamva maganizo awo," Mzime analowererapo.

"Iwe uwatenga? Ukawagoneka pati, pansi pa chowumitsira tsitsi?"

Changu sankanama, poti saluni ya Mzime ndi chipinda chake zinalidi khomo limodzi. Amayi anayang'ana pawindo, pomwe panali maluwa awo a m'zitini ndi chingwe choyanikapo zovala chimene aDalaivala anamanga chokhota. Sankafuna kuchoka. Ankaopa nyumba yosanja ya mwana wawoyo, kumene ngakhale woyandikana naye khomo sumudziwa dzina, ndipo ankadziwa kuti akakwera lole imeneyo sadzabwereranso. Komanso ankamudziwa Changu. Munthu wotere ukamuuza mawu amamva theka, theka linalo n'kudzimalizira yekha.

Anadzuka, napita kuchipinda, n'kubwerako ndi buku lachikuto chobiriwira, lokutidwa ndi pulasitiki.

"Ili ndi la ku laibulale. Mawa Lachitatu. Tikabweze."

"Ndikaponya ndekha popita kukagula zingwe," anatero Changu, akutambasula dzanja.

Amayi analifungatira pachifuwa. "Unabwereka ndiwe? Tipita tonse. Ndipo tiyenda pansi, galimoto yakoyo ipume."

Kutacha anayendadi pansi, Amayi patsogolo ndi ambulera yawo, Changu pambuyo akuyang'ana wotchi ngati ili ndi mlandu. Laibulaleyo inali nyumba yaing'ono kuseri kwa positi ofesi. Changu anali asanalowemo chichokereni kusukulu, ndipo ankayembekeza bata la m'tchalitchi. Analipezadi pepala lolembedwa kuti CHETE pakhoma, koma pansi pa pepalalo panali phokoso ngati pamsika. Kumanja achinyamata anali pa makompyuta. Kumanzere, patebulo lalitali la pawindo, panakhala nkhalamba zingapo, aliyense ndi buku lake, akukangana ngati mawu akuti "mng'ono" ali ndi kamchira m'mwamba kapena ayi.

Atangowaona Amayi, onse anaimirira. Mayi wina wonenepa, wogulitsa masamba pamsika, anawakumbatira mpaka ambulera inagwa. Mayi woyang'anira laibulale anatuluka kuseri kwa kauntala, nawagwira manja onse awiri.

"Pepani, Amayi. Mpando wanu sitinalole aliyense kukhalapo."

Changu sanamve za mpandozo. Maso ake anali pa mkulu wina wamtali, wovala chipewa cha ulonda chothetheka. Pamphuno pa mkuluyo panali magalasi a felemu yagolide, okhala ndi kachingwe kofiira.

"Pepani, bambo," anatero Changu, akuyesetsa kudzigwira. "Magalasi amenewo munawapeza kuti?"

"Awa? Ndi a mu dirowa."

"Dirowa iti? Amenewo ndinagula ine! Ndinawatumizira Bambo anga!"

"Ooo, ndinu mwana wotumiza magalasi uja?" Mlondayo anamugwira dzanja n'kuligwedeza mwamphamvu. "Anzanga, ndi awa! Mulungu akudalitseni, bwana. Koma ulendo wina muzitumiza aakuluko pang'ono, awa amafinya kumakutu."

Tebulo lonse linaseka. Mzime anatseka pakamwa ndi dzanja. Mayi wa laibulale anawakodola awiriwo kuti abwere kukauntala, nakoka dirowa yam'munsi.

Mayo ine! Onse anali mmenemo. Akuda amene anagulira bambo awo pa tsiku lawo lobadwa. Abulauni amene Changu anatumiza pa basi ndi kalata yodandaula. Ena amene Mzime anagula atasonkha ndalama za malukidwe a mwezi wathunthu. Anagona mondondozana pa kansalu kofewa, opukutidwa bwinobwino, opanda ndi mng'alu womwe.

"Sanataye ndi amodzi omwe," anatero mayi wa laibulale. "Akangolandira, m'mawa mwake ankabwera nawo kuno. Ankafika tikungotsegula, n'kusankha amodzi, kuwerenga nyuzipepala yonse mpaka zamasewero, kenako kuwabweza mu dirowa n'kumapita kunyumba akupapasa mpanda ngati wakhungu. Anati aliyense wa pa tebulo ilo amene maso akumuvuta azibwereka."

"Koma chifukwa chiyani?" anafunsa Changu.

"Anabwera tsiku lina akuchokera kuchipatala, dokotala atawauza za mtima wawo. Anandifunsa ngati kalasi ya Lachitatu imalandira munthu amene sanagwirepo pensulo. Ndinati imalandira. Anati, 'Vuto ndi loti mkazi wanga ndi wamakani. Ndikamuuza kuti aphunzire, akana. Koma ndikasowa pogwira ine, sangandisiye.' Basi, anavula magalasi n'kundipatsa."

Mzime anayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Changu anatembenuka. Amayi anali atakhala kale pampando wawo wa pawindo, buku lobiriwira lili patsogolo pawo, manja ali pamwamba pake.

"Amayi, inu mumadziwa zimenezi?"

"Iwe, ndakhala ndi bambo ako kuyambira ndili mtsikana. Munthu akuti magalasi asowa, koma tsiku lililonse akubwera kunyumba ndi tizidindo tiwiri pamphuno apa." Anadzigwira pamwamba pa mphuno. "Bodza ankalitha, koma mphuno inkamuulula."

"Ndiye simunawafunse?"

"Ndimufunsirenji? Munthu wavutikira bodza lake, ine ndimuwonongere? Amvekere, 'Mayi, maso andithawa, tandionerani botolo ili akuti kangati patsiku.' Poyamba ndinkatukwana. Ndinati mwamuna wosasamala ngati uyu sindinamuonepo. Ndiye anandikokera kuno, akuti tingofunsa za botolo limodzi lokha. Botolo limodzi linabala lina. Kenako foni. Kenako zikwangwani za mumsewu, tikuyenda iye akunamizira kupunthwa. Tsiku lina anapunthwadi zenizeni, ndinaseka mpaka kukhala pansi."

"Ankati munthu saphunzira kuyendetsa atakhala mpando wakumbuyo," anawonjezera mlonda uja. "Tonsefe anatinamiza chimodzimodzi. Ine ankandipatsa nyuzipepala kuti ndimuwerengere zigoli, chonsecho iye waziona kale."

Changu anayandikira tebulo. "Nanga osatiuza bwanji, Amayi? Dzulo lomweli ndimanena za mankhwala, inu chete."

"Ndikanakuuza ukanati chiyani? Ukanati, 'Eya, Amayi, mwachita bwino,' uku ukumata katoni ina." Anasisita chikuto cha bukulo. "Komanso tinapangana ndi bambo ako. Tinati tidzakuuzani ndikamaliza buku lathunthu, lopanda zithunzi, kuyambira chikuto mpaka chikuto. Ndi ili. Watsala mutu womaliza. Iye sanadikire."

Mayi wa masamba uja anawasisita Amayi pamsana, ndipo kwa kanthawi pepala la CHETE lija linamveredwa. Kenako Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo.

"Ndipo iwe," anatero, akumuloza Changu ndi chala, "ketulo yanga si yotaya. Mpando wa bambo akonso ukachotsepo chipepala chija. Anyamata a lole, anyamata a lole! Ndinawerenga usanamalize n'komwe kumata. Kulemba kwakonso n'koipa, G wako amaoneka ngati 6."

Nkhalamba zija zinafa nacho chiseko. Changu, bwana wa ofesi yonse kumzinda kwawoko, anangoima chilili, manyazi atamugwira mpaka kumapazi. Anakumbukira mmene anaphunzirira njinga, bambo ake akuthamanga pambuyo akufuula kuti "Ndagwira, ndagwira!" pomwe anali atasiya kalekale. Nthawi imeneyo anakwiya tsiku lonse. Lero mkwiyo sunabwere, kunangobwera chisoni ndi kuwasowa.

"Komabe nokha m'nyumba, Amayi..." anayesa, koma mawu ake anali atafooka.

"Nokha ndani?" anatero mayi wa masamba. "Lolemba timapita tonse kukapimitsa magazi. Lachitatu tili pano. Lachisanu amayi a laibulale awa ayamba kutionetsa makompyuta, ndipo mayi anuwa ndi amene amatsogola, ife mbewa ya kompyuta ija imatithawa m'manja. Mukawatenga, tebulo lino muliphera mwendo."

Amayi anatsegula kachikwama kawo, natulutsa botolo la mankhwala, naliika kutali pang'ono ndi maso. "Mbulu umodzi, m'mawa, mutatha kudya," anawerenga pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha. "Sungani pamalo ouma, kutali ndi ana." Anamuyang'ana Changu. "Wamva? Kutali ndi ana."

Mzime anagwira mkono wa mchimwene wake. "Achimwene, lole ija?"

Changu anatulutsa foni, naiyang'ana kanthawi, n'kumupatsa mlongo wake. "Tuluka panja uwaimbire. Uwauze asabwere. Wa lendi uja ndimuuza ndekha."

Mzime asanatuluke, mayi wa laibulale anamuuza kuti asankhe magalasi amodzi mu dirowa. Anatenga abulauni aja, nawapukuta ndi bulauzi yake. Otsalawo Amayi anati akhale momwemo, eni ake alipo.

"Ndiye bukuli tilibweze, Amayi?" anafunsa mayi wa laibulale. "Kapena ndikuwonjezereni masiku?"

"Dikirani kaye. Ndikufuna ndidziwe ngati mtsikana wa m'bukuyu akwatiwe ndi wometa tsitsi kapena wapolisi. Bambo awo a anawa ankati wapolisi. Ine ndikuti wometa." Anatsegula pamene panali tikiti yakale ya basi yosungira tsamba, koma sanayambe. Anayang'ana mpando wopanda munthu umene unali pambali pawo. "Kungoti ndinazolowera kuwerengera munthu. Pandekha mawu sakutuluka."

Changu anayang'ana wotchi yake, mwa chizolowezi chabe. Kenako anabwerera kukauntala, navula magalasi amene iye mwini ankavala, nawapinda, nawagoneka pa kansalu kaja pambali pa akuda aja, n'kukankha dirowa mpaka inatsekeka. Anayenda kupita kutebulo akupapasa mipando, moti mlonda anachita kumukokera mpando wopanda munthu uja.

"Amayi," anatero atakhala, "magalasi anga asowa. Tandiwerengerani."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Pamwamba pa mphuno ya mwana wawo panali tizidindo tiwiri, pamalo omwewo.

"Ukandithamangitsa ndisiya," anatero.

Anasendeza bukulo kuti likhale pakati pa awiriwo, naika chala pansi pa mawu oyamba, n'kuyamba kuwerenga.