Ng'oma M'tchalitchi Chakale cha ku Ngara

Ndinali pamwamba pa makwerero, waya kukamwa, pamene adada anatulukira pakhomo.

"Eunice, tsika."

Sindinatsike. Tchalitchi chakalecho chinasiyidwa mpingo utamanga china kumsewu, ndipo akuluakulu anandibwereka kuti ndichitiremo chionetsero changa cha mawu ndi kuwala. Mawindo ndinawaphimba ndi mabulangete, kusiya timabowo ta m'malata tokha kuti dzuwa lizilowa ngati tizingwe. Masipika ndinawabisa m'makona. Mawa lake anthu amayenera kulowa mumdimamo n'kumva mmene kwathu kwakhala kukupempherera kuyambira kale.

"Akuti waikamo za kumzikiti," anatero. Adada anali mkulu wampingo, ndipo Chichewa ankandilankhulira akakwiya basi.

"Ndi a Nasri a pagolosale, akuitanira anzawo kumapemphero. Nawonso ndi a kuno."

"Nanga ng'oma?"

"Zilimo."

"Yayi! Osati muno. Ndikukauza anzanga, titseka lero lomwe."

Ndinatsika mothamanga mpaka msomali unandikanda chigongono. Ndinali nditazungulira Sangilo ndi Chilumba yense ndi chojambulira, kunyengerera okalamba kuti andiimbire, ena akundipirikitsa.

"Mumve kaye, adada. Mutseke mutamva."

Sanatuluke. Ndinakankha chitseko n'kulumikiza batire.

Kunayamba kulira limu ya galimoto, chitsulo cha tayala chomwe kale chinali belu lathu la tchalitchi. Kenako azimayi akuimba nyimbo ya maliro m'Chinkhonde, ndipo isanathe, mawu a Nasri anakwera kuchokera kukona ina. Timagetsi tofiira tomwe ndinayala pansi tinkayaka n'kuzima motsatira phokosolo. Adada ankangoyendayenda, kucheukira uku ndi uku, kufunafuna komwe mawu akuchokera. Ine ndinkawerenga nkhope yawo osapezapo kanthu.

Ng'oma za vimbuza, gule wochiritsa odwala mizimu, zitagunda, mayi wokalamba n'kuyambitsa nyimbo, anaima chilili.

"Iyi waitenga kuti?" Tsopano anafunsa m'Chitumbuka.

"Kwa a Fainess, gogo wina wa ku Sangilo."

Adada anatembenukira kukona komwe nyimboyo inkachokera.

"Amama ankaimba imeneyi. Ankavina akadwala mutu. Anawadula mumpingo chifukwa cha iyoyi, muno momwemo." Analoza kutsogolo, pomwe kale panali guwa. "Anawaimika apo. Ine ndili pabenchi la ana, ndikuona."

Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti agogo sankapita kutchalitchi chifukwa cha miyendo. Manyazi anandigwira, ndinafikira waya kuti ndizimitse.

"Leka," anatero.

Za kutseka sanazitchulenso. Anayenda pang'onopang'ono, kulambalala timagetsi, mpaka anakaima pamalo pomwe analoza, atandifulatira. Mapewa anali ouma gwa, manja ali kumbuyo ngati pa mgonero. Koma kachingwe kamodzi ka dzuwa kanagwera pansapato yawo yakumanja, ndipo ndinaona chidendene chikudzuka n'kugwa, chikudzuka n'kugwa, fumbi la pansi likukwera m'kuwalako.